Tsiku Limene Malume Anandiperekeza Kukafufuza za Mtedza

Mpaka lero ndikamadutsa ku Mavwere ndimatsitsira chipewa kumaso.

Ndimagwira ntchito pa koleji ina, kufufuza mmene mbewu za kumudzi zimafikira m'tauni. Mkazi wanga atamwalira, zonse zinaima. Akuluakulu anandipirira, koma kenako anandiuza mwaulemu kuti ndikapanda kumaliza kafukufuku wa mtedza, malo anga apatsa wina.

Ndinamva za mtsikana wina, Nabanda, amene amagula mtedza m'midzi ya ku Mavwere n'kukagulitsa kutsidya kwa malire. Njira sindinkaidziwa, choncho ndinapempha malume kuti andiperekeze. Anabwera atavala jekete (ndinayenera kudabwa pomwepo). Ine ndinagula shuga ndi sopo, poti pakhomo pa eni sufika chimanjamanja.

Tinapeza bambo ake a Nabanda, ndipo malume ndiwo anayamba kulankhula. "Mphwangayu ndi wophunzira, wofatsa, mowa samwa. Tabwera chifukwa cha mwana wanu wamkazi."

Bambo aja anandiyang'ana, n'kuyang'ananso shuga uja, kenako anatuma munthu kukaitana malume ake a mtsikanayo. Mipando inatuluka. Kuseri kwa nyumba nkhuku inalira kamodzi n'kukhala chete. Ine ndinangoti anthu a kuno ndi aulemu.

Poti mwiniwake sankatuluka, ndinayamba kufunsa azakhali ake.

"Amadzuka nthawi yanji?"

"Tambala woyamba, bambo. Ulesi alibe."

"Akapita ku Chipata amagona komweko?"

"Iii, ayi! Mwana wathu si wotero."

Malume ake atafika anakhala pansi, n'kutsokomola. "Tamva, ndipo sitikukana. Funso ndi limodzi: mudzakhala pa chikamwini kuno, kapena mumutengera ku tauni?"

(Za kumudzi ndi m'tauni ndaphunzitsa anthu ambiri. Koma funso ili silinali m'mabuku anga.)

Ndinafotokoza pang'onopang'ono kuti ndabwerera mtedza, kuti mkazi wanga ndinamuika m'manda chaka chatha, ndipo mtima sunafike pa zimenezo. Ndinadziwa kuti ntchito yanga yathera pomwepo.

Kenako Nabanda anatulukira pakhomo atavala chitenje chatsopano. "Ndiye ndasamba kawiri chifukwa cha mtedza?"

Onse anafa ndi phwete. Nanenso ndinadzimva ndikuseka, mawu amene ndinali nditawaiwala.

"Pepani ndi maliro, mwanangu," anatero azakhali aja. "Koma nkhuku yafa kale. Mudya."

Nabanda anayankha mafunso onse, ndipo sabata yotsatira anandilola kuyenda ndi matumba ake mpaka pa boda. Ntchito ndikadali nayo chifukwa cha banja limenelo.

Pobwerera ndinafunsa, "Malume, munkadziwa zimene zinkachitika?"

Anayang'ana minda ya fodya pawindo la minibasi. "Ine ndinangoti mwina."

Masiku ano ku midzi ndimapita ndekha, ngakhale ndisochere. Koma malume amaimbabe foni kufunsa ngati koleji ilibe kafukufuku wina ku Dambe.