Ambalimodzi ndi Galimoto ya M'chilona

Mphepo ya chilimwe ikayamba kukokolola fumbi la mumsewu, munthu wanzeru amatseka chitseko n'kutsekera chisanza chonyowa kunsi kwake. Mumsewu wathu wonse munali chitseko chimodzi chokha chimene sichinkatsekedwa, kaya kuchite fumbi, kaya mvula yamkuntho: cha wometa uja, malemu Ambalimodzi. Iwo ankati chitseko chotseka chimabisa galimoto.

Dzinalo sanabadwe nalo. Analitola pa mitu ya anthu. Ankameta bwino, dzanja lopepuka ngati nthenga, koma kukangomveka kulira kwa galimoto yachilendo, makina ankagwera pampando, eniake ali kale panja. Iwe unkatsala ndi mutu wometedwa mbali imodzi, ngati munda umene waganyu wauthawa dzuwa litakula.

Mboni ya zonsezi anali Atelala, mlamu wawo, amene ankasokera pakhonde lomwelo. Atelala za galimoto sankazidziwa. Kwa iwo zonse zinali zitsulo zothira fumbi pa nsalu. Komabe ankasunga tizipewa tosokedwa ndi zidutswa, tobwereka anthu osiyidwa panjira.

"Abambo, belu lalira kusukulu!" anakuwa aphunzitsi tsiku lina, thovu lili tsaya limodzi.

"Belu limalira tsiku ndi tsiku, aphunzitsi. Agogo awa amadutsa kamodzi pa moyo."

Agogowo chinali chigalimoto chakuda, chamsana wokwera ngati kamba, chikukwawa ndi utsi kumbuyo. Ambalimodzi anachivulira chipewa mpaka chinakhota. Pakuti galimoto sankazitchula maina a pachitsulo. Ankazipatsa ubale. Yaitali, yamapiko kumbuyo, inali azakhali a m'tauni. Yaifupi, yotukumula masaya, inali mphwanga. Zatsopano zonyezimirazi sankaziyang'ana n'komwe. "Zonse nkhope imodzi ngati mazira," ankatero.

Tsiku lina inadutsa ina yamatayala atatu. Ambalimodzi analanda njinga ya munthu amene ankamumeta n'kuilondola, lezala lili m'thumba. Anabwerako dzuwa litapendeka, atakhuta, duwa lili pachifuwa. Galimotoyo inkapita ku ukwati wa anthu osawadziwa, ndipo mpaka lero pakhoma la nyumba ina pali chithunzi cha akwati, pambali pawo pataima munthu wovala epuloni yatsitsi, maso ali kwina.

"Alamu, mudzafera pamsewu," anatero Atelala.

"Nanga inu mudzafera pa batani, alamu. Aliyense ndi pake."

Koma panali galimoto imodzi imene inkawasowetsa mtendere. Kumtunda kwa msewu kunkakhala Anamwino, mayi wopuma ntchito, wamasiye, wa mawu ngati jakisoni. Kuseri kwa geti yawo kunali chinthu chophimbidwa ndi chilona chokhuthala, chomangidwa ndi zingwe. Chinali cha malemu amuna awo, ndipo chinaphimbidwa Ambalimodzi asanafike mumsewuwu. Chimene chinkaoneka anali matayala okha, ang'onoang'ono, ophwa, okhala ndi mkombero woyera.

Zaka zinapita akungoyeza ndi maso. Mvula ikanyowetsa chilona n'kuchimata pathupi, ankaima pakhomo khosi litatalika.

"Taonani msana uwo, alamu. Mphuno yaifupi. Koma chotupa cha kumbuyocho n'chiyani?"

"Pitani mukafunse."

"Munthu safunsa. Amadikira."

"Ndiye kasuzumireni. Anamwino apita kumsika."

Ambalimodzi anawayang'ana ngati atukwana. "Inu mungavundukule bulangete la munthu wamkulu ali m'tulo? Galimoto imaonedwa ikudutsa, ndi miyendo yake. Yoima ndi chitsulo chabe."

Akazi awo, mlongo wa Atelala, ankangopukusa mutu. "Ine pondifunsira sanadikire chonchi," ankatero.

Kenako ng'ala inayamba kumera m'maso mwawo. Poyamba anavulira chipewa ngolo ya makala. Anthu anaseka. Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinawagwira, makina ometera n'kuyamba kuwalemera. Ankangokhala pampando wometera uja, atauzunguliza kuyang'ana kumsewu, atafunda bulangete. Atelala ankaona kuti pamene maso a mlamu wawo akuloza ndi kumtunda, ndipo anadziwa kuti akachedwa, munthuyu adzapita asanaione galimoto ya m'chilona ija.

Anavala jekete, nakagogoda pageti pa Anamwino.

"Ngati ndi diresi langa lija, mwachedwa nalo," anatero mayiwo.

"Si diresi, mayi. Ndi alamu anga. Maso akutha."

Anamwino matenda ankawadziwa pa kayendedwe ka munthu. "Abwere nawo. Ndivundukula."

"Sangalole. Akuti idutse yokha."

"Idutse? Chinthu chimene chinasiya kulira mwana wanga ali kumsana?"

"Msewuwu ndi wotsetsereka, mayi," anatero Atelala, akuyang'ana nsapato zawo.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu. Wokonza njinga anapopa matayala ndi pampu yake mpaka kutuluka thukuta kuli kozizira. Wogulitsa nyama ndi wowotcherera anadula zingwe. Chilona chija, pochikoka, chinangong'ambika ngati tsamba louma, ndipo pazenera panatuluka nkhuku ikukalipa, kusiya mazira pampando wakumbuyo.

Atelala anaima kukamwa kuli yasa. Kanali kagalimoto kobiriwira ngati tsamba la mango, ka maso awiri ozungulira, odabwa. Zitseko zake zinkatsegukira chakutsogolo. Chotupa cha kumbuyo chija linali tayala lapadera, lovekedwa chipewa chachitsulo.

"Ayendetsa ndani?" anafunsa wogulitsa nyama.

"Ine," anatero Anamwino. "Malemu sankandilola kugwira chiwongolero. Lero andiletse."

"Munayendetsapo, mayi?"

"Ndinayendetsa wodi yonse ya amayi oyembekezera. Kankhani."

Anakankha. Kagalimoto kanadandaula, kanatuluka pageti, kanapeza mtsetse, ndipo kanawasiya okankha aja manja ali m'malere. Atelala anathamanga pambali, tepi ikuuluka m'khosi.

"Alamu! Alamu! Kukubwera alendo!"

Ambalimodzi anadzuka. Bulangete linagwa. Anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja limodzi, linalo n'kuvula chipewa. Kagalimoto kanatuluka m'nkhungu mwakachetechete, kakungolira tizitsulo, nkhuku ikukathamangira pambuyo, Anamwino ali nga pachiwongolero, akuponda buleki imene inamwalira kalekale. Kanadutsa pafupi kwambiri ndi khonde, moti ngakhale ng'ala sinathe kukabisa. Kanakaima pa mulu wa mchenga wa amisiri, pansi pa mtengo, kungopitirira shopu pang'ono.

Onse anatembenukira kwa wometa.

"Ndi mtsikana," anatero Ambalimodzi pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi ine ndimayesa nkhalamba. Ndi mtsikana, alamu."

"Tiyeni mukaione pafupi."

"Iyayi. Ndaona. Wadutsa." Anakhala pansi, akupuma movutika. "Koma mawu ake sindinawamve. Ankalira bwanji?"

Anamwino anafika akukonza duku. Anayang'ana uku ndi uku, ngati akuchenjeza aliyense amene angaseke. Kenako anawerama pakhutu la wodwalayo, natupitsa masaya.

"Khe, khe, khe... du-du-du-du... Akafika pachitunda ankati hiiii, ngati akudandaula."

Ambalimodzi anatseka maso, akugwedeza mutu. "Bwerezani pachitundapo, mayi."

Anamwino anabwereza. Palibe anaseka, ngakhale wogulitsa nyama.

Kukankhira kumtunda kunakanika. Anayesa amuna onse a mumsewu, kagalimoto kanakana, ndipo Anamwino anati kasiyeni, kakhalitsa kuseri. Ambalimodzi anamwalira kuzizira kusanathe.

Tsopano chitseko chija chimatsekedwa. Mitu ya mumsewu wathu imametedwa mbali zonse, kwa mnyamata wina wa pakona amene sadzutsa maso pa ntchito yake, ndipo palibe amene amachokako ndi nkhani. Galimoto zakale zimadutsabe mwa apo ndi apo, zikutsokomola, popanda wozivulira chipewa. Oyendetsa ena amachepetsa liwiro pa shopu paja, n'kuyang'ana, n'kupitirira. Atelala amamva kulira kwachilendo, phazi n'kuima lokha pa makina, koma sadziwa ngati adutsawo ndi agogo kapena azakhali, ndipo palibe womufunsa.

Fumbi linabwera n'kupita. Mitengo inaphuka masamba ofiira, kum'mawa kunayamba kuda. Tsiku limene bingu loyamba linagunda, Atelala anatenga tepi, nakayeza kagalimoto kuyambira kumphuno mpaka pa tayala lakumbuyo. Anadula chilona chatsopano, nathyola singano ziwiri pochisoka. Madontho oyamba akugwa pa fumbi, anachiyala pamsana pake, nachikoka mbali iyi ndi iyo mpaka chinakhala bwino, namanga zingwe m'makona onse.