Malalanje anga a pamwamba pa chitseko

Anzanga, ine ndine munthu waluso, zimenezo musatsutse, makatani a m'nyumba mwanga ndinasoka ndekha. Ndiye Khrisimasi yapitayi, nditamva kuti apongozi anga aakazi akubwera kudzadya nafe ku Kanjedza, koyamba chikwatiwireni ine, ndinati adzaone okha kuti mwana wawo sanatole mkazi wamba. Mayi amenewa ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, saseka zilizonse, ndipo ine mtima wawo ndinali ndisanaupeze.

Pafoni ndinaona anthu akunja akukongoletsa nyumba ndi malalanje ouma. Amawadula mopyapyala mozungulira, kuyanika, kutunga paulusi, akapachika amawala mochititsa kaso. Ndinati zimenezi n'zovuta? Ine amene ndinakula ndikuyanika mfutso?

Ndinatsikira kumsika wa Limbe, kugula malalanje ndi mandimu, kudula bwinobwino, kuyala padenga la malata. Chimene ndinaiwala n'choti Disembala ndi dzinja. Ndili m'minibasi pochokera kuntchito, chimvula chinangoti khuthu, ndinakawapeza ali nyowee, ena atatsetserekera m'ngalande. Ndinati palibe kanthu, uvuni ulipo. Ndangowaikamo, magetsi thii! Koma munthu waluso amagonja? Ndinakoleza mbaula, n'kusanjika waya wootchera nyama pamwamba. Kuuma anauma ndithu, koma anatuluka akuda bii, okwinyika, akununkha utsi.

Amuna anga anawayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Kodi izi n'zakudya kapena n'zothamangitsira udzudzu?" Ndinawauza kuti za luso iwo sazidziwa, apite akagule nkhuku.

Riboni yofiira ndinaisowa, ndiye ndinatungira ulusi wakuda uja womangira tsitsi, ndipo kuti zikongole ndinalowetsa timikanda tofiira ndi toyera pakatipakati. Ndinapachika pamwamba pa chitseko cholowera, ndinabwerera m'mbuyo n'kudziyamikira ndekha.

Tsiku lija apongozi anafika ndi chikwama chawo, anakwera pakhonde, anakweza maso, basi anaima pomwepo ngati akhomeredwa.

"Nyumba ino anakutsirikirani ndani?"

Ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, ndi malalanje amenewo, n'zokongoletsa chabe."

"Lalanje lakuda lovala mikanda munaliona kuti inu?"

Abale, ndinayang'ananso chitseko changa chija ndi maso awo, ndipo zoona, ngakhale sing'anga weniweni akanandifunsa kumene ndinaphunzira. Apongozi anakanitsitsa kulowa. Anaika chikwama pansi, anayambitsa nyimbo, kenako pemphero lokweza mawu, lotchula dzina langa lonse kuti Mulungu andichotsere mantha ndisiye kudalira zitsamba. Aneba anayamba kusuzumira pampanda, ena mpaka kuyankhira ameni. Ine ndinasowa kolowera, misozi ili lengelenge, pamene amuna anga amanjenjemera mapewa ngati akulira koma ndikudziwa kuti amaseka. Kenako amuna angawo anakwera pampando, anathothola ntchito yanga yonse, ndipo apongozi anaiponya okha pambaula, m'pamene analowa m'nyumba. Ndinadziwa kuti basi, dzina langa latha kuchimuna konse.

M'mawa mwake ndinawaperekeza apongozi kukakwera basi. Titayandikira, anandikokera pambali, anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. Mkatimo munali kalalanje kanga kamodzi, ndi mkanda wake womwe.

Ananong'ona kuti, "Dzulo ndinamuona mwana wanga akutsuka mbale, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Tandiuzani, kameneka mumathira m'tiyi kapena mumaika kunsi kwa pilo? Apongozi anu aamuna andivuta zaka zambiri."

Ndinawauza kuti kunsi kwa pilo, ndikanatani? Kuyambira tsiku limenelo amandiimbira foni okha kundifunsa m'mene ndadzukira. Luso ndili nalo, ndinakuuzani, koma chaka chino ndikungogula mabaluni, ndipo lalanje likalowa m'nyumba mwanga ndikulisenda n'kudya pomwepo.