Soya wa Apongozi

Mkamwini akafuna kutchuka amadziputira yekha tsoka. Ine ndine mboni.

Ndinakwatira kufupi ndi Kasakula, ndipo pamudzipo ndinkangodziwika ndi khasu basi. Tsiku lina pa wailesi panalankhula mayi wina, katswiri wa zachuma, yemwe ndimamupatsa ulemu mpaka lero. Mayiyu sathamanga polankhula. Anati mtengo wa soya ungathe kukwera ngati ogula akunja atabwera, koma poti za mawa sizidziwika, ndi bwino kugulitsa theka n'kusunga theka.

Ndinathamangira kwa apongozi aamuna, omwe anali atatsala pang'ono kupereka soya wawo kwa mavenda. Ndili panjira ndinaona kuti uthenga wokayikakayika sungandikweze pamudzi, ndiye za ogula akunja ndi za thekazo ndinazitaya patchire.

"Apongozi, musagulitse ngakhale thumba limodzi. Akatswiri anena kuti mtengo ukwera."

"Atero ndithu, akamwini?"

"Ndamva ndi makutu angawa." (Apa sindinaname, makutuwo analipodi.)

Tsiku limenelo anandipatsa mpando, ine wozolowera kukhala panjerwa. Matumbawo anati asungidwe kwa mwini nzeru. Ine ndi mkazi wanga tinayamba kulowa m'nyumba chammbali, ndipo makoswe a mudzi wonse anasamukira kwathu.

Ogula akunja aja sanabwere. Mtengo unatsika, nthawi yogula feteleza nayo n'kukwana. Lamulungu lina titachoka ku Misa, tonse tili pakhonde la apongozi, mayi uja anabweranso pa wailesi. Ndinayesa kukhosomola mokweza, koma sizinathandize.

"Ndinkayembekezera kuti ogula abwera, ndipo pamenepo ndinaphonya," anatero mayiyo. "N'chifukwa chake ndinati gulitsani theka."

Kunena zoona, mayiyo ndinamusirira. Munthu wophunzira chonchija kuvomera kuti anaphonya, dziko lonse likumva! Ameneyo ndiye katswiri womumvera.

Apongozi anatsitsa wailesi pang'onopang'ono.

"Mayiwa ndi achilungamo. Nanga theka akunenali linagwera pati, akamwini?"

"Mwina mabatire anali atatha," ndinatero.

"Si inu munagula atsopano m'mawa womwewo?" anafunsa mkazi wanga. (Chikondi chimathera pa soya, abale.)

Matumba onse ndinawatuta ndekha panjinga, kukwera zitunda mpaka ku Kasakula, kukagulitsa pamtengo wolira nawo. Apongozi sanandikalipire. Koma masiku ano ndikabwera ndi uthenga, ngakhale wa maliro, amandithokoza mwaulemu, kenako n'kutuma munthu wina kuti akamve bwino.