Mmene Ndinaimikira A Hedi Pagolo

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa yafika ku Katete, kumene kuli koleji yathu, itapindika. Anzanga ena a ku koleji akuti ndinawotcha laputopu ya sukulu, ena akuti ndinkaphunzitsa ana kutchova juga. Zonsezo n'zabodza. Zimene zinachitikadi n'zochititsa manyazi mokwanira, ndipo sizifunika kuwonjezera.

Koleji yathu inanditumiza kukayeserera uphunzitsi pa sukulu ina yakumudzi, kupitirira boma la Vubwi. Kuti ndikhoze, panafunika zinthu ziwiri: mphunzitsi wa ku koleji adzaonerere phunziro langa, ndipo a hedi a sukuluyo, a Mwale, asaine kalata yochitira umboni khalidwe langa. Kalatayo ikapanda kusainidwa, munthu amabwereza chaka.

Sukuluyo inali ndi laputopu imodzi ndi pulojekita yoonetsera zithunzi pakhoma, zonse zoyendera sola. A Mwale anandibwereka laputopuyo kuti ndizikonzerapo maphunziro, nandipatsa lamulo limodzi: ndisafufute Linakisi, pulogalamu yaikulu imene inabwera nayo. Tsono ine ndinali ndi gemu ya mpira pa fulashi, ndipo gemuyo siyenda pa Linakisi, imafuna Windozi. Masana a Loweruka kumeneko ndi aatali, kwathu ku Sinda n'kutali. Choncho ndinachita zimene mnzanga wina anandiphunzitsa: ndinamanga kompyuta yachiwiri, yongoyerekeza, m'kati mwa yoyambayo, n'kuikamo Windozi ndi gemuyo. (Anzanga amaitchula ndi dzina lachingerezi. Ine ndimaitcha kompyuta yam'mimba, ndipo ndikuyembekeza kuti mawuwa adzalandiridwa.) Lamulo la a hedi sindinaliswe. Ndikupempha kuti mfundo imeneyi isaiwalike.

Gemu inkayenda, ngakhale kuti osewera ankathamanga ngati ng'ombe zokoka ngolo yodzaza thonje. Popeza maina a osewera akunjawo anali ovuta kutchula, ndinawasintha n'kuikapo a aphunzitsi a pasukulupo. Ine ndinadziika kutsogolo. A Mwale, pokhala munthu wamkulu ndi wathupi, ndinawaika pagolo. Ndinachita zimenezi mwaulemu, ndipo ndinalemba kuti “A Hedi”.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa. Munthu ukadina m'kati mwa kompyuta yam'mimba, iyo imalanda mausi ndi mabatani onse, ndipo sikubwezera kufikira utadina batani limodzi lapadera, lapansi kudzanja lamanja. Pa laputopu yathu batani limeneli linathothoka ine ndisanafike, panangotsala kabowo. Ndinkatosamo ndi kamtengo ka machesi, kamene kankakhala pazenera la chipinda changa.

Mayi Zulu a ku koleji anafika pa njinga yamoto Lachiwiri m'mawa, tsiku limodzi lisanakwane limene tinapangana. Anakhala kumbuyo kwa kalasi ya giredi eyiti ndi faelo yawo. Phunziro langa linali la magulu a maina, ndipo ndinali nditakonza zithunzi zokongola. Ndinalumikiza pulojekita, n'kutsegula laputopu. Pakhoma panaoneka bwalo lobiriwira. Dzulo lake ndinali nditangoimitsa gemu pakati n'kutseka chivindikiro.

Ndinati ndiitseke msanga, ndinadina. Ndinadina m'kati.

Wezulo inalira. Kamtengo kanga kanali pazenera, kunyumba.

“Ana inu,” ndinatero modekha, “ndani ali ndi machesi?”

Palibe mwana amene anatulutsa machesi. Pa sukuluyo mwana wopezeka ndi machesi amamuganizira kuti akufuna kutentha tchire posaka mbewa, ndipo chilango chake n'kukumba dzenje la zinyalala. Anawo anaona ngati ndawatchera msampha pamaso pa mlendo. Mayi Zulu analemba kanthu mu faelo.

Ndinayesa bolopeni, inakula. Ndinayesa kaudzu ka tsache, kanapindika. Ndinayesa choko, chinathyoka n'kudzaza kabowoko ndi fumbi loyera. Nthawi yonseyi osewera anga anangoima popanda wowayendetsa, adani akudutsa pakati pawo ngati akupita kumsika. Mpira unalowa. Pansi pa munthu wonenepa wogona chafufumimba panalembedwa zilembo zikuluzikulu, ndipo ana a giredi eyiti amadziwa kuwerenga.

“A Hedi alowetsa!”

“Aphunzitsi,” anatero Mayi Zulu, “amenewa ndiwo mawu oyamba a phunziro?”

“Ndi chothandizira kuphunzitsa, mayi,” ndinayankha. Kenaka ndinatembenukira kwa ana. “Dzina loti mpira lili m'gulu liti?”

Maso onse anali pakhoma, chifukwa a Hedi anali atadumphira kumanzere mpira ukupita kumanja. Atsikana a kutsogolo anayamba nthungululu.

A Mwale enieni anamva udindo wawo ukutchulidwa mokweza, nabwera. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, naonerera chigoli chachitatu ndi chachinayi. Kenaka anayenda pang'onopang'ono, nazula chingwe cha pulojekita. Khoma linayera. (Owerenga ena afunsa chifukwa chake ine sindinachizule poyamba pomwe. Funsoli ndi labwino. Nanenso linandifikira, patapita masiku awiri.)

Phunzirolo ndinalimaliza pa bolodi. Mayi Zulu anandikhozetsa mwapang'ono, nalemba kuti: “Phunziro akulidziwa. Zida azisiye.” Chinatsala ndi kalata ya a hedi.

Anandiitana ku ofesi Lachinayi. Kalatayo inali patebulo, yosasainidwa. Ndinali nditaloweza mawu opepesa a ndime zitatu okhudza kusamala katundu wa sukulu, koma sanandilole kumaliza ngakhale yoyamba.

“A ticha, za laputopu zisiyeni. Anakuuzani ndani kuti ine ndine wapagolo?”

“Palibe, bambo. Ndinangoona kuti malowo ndi aulemu.”

“Aulemu? Kafunseni ku Katete. Ine pa unyamata wanga ndinkavala naini, nambala ya wogoletsa zigoli. Manje mwana aliyense akandiona akunong'ona kuti Sefa, ati mpira umangodutsa ngati ufa. Dzulo ndi mkazi wanga yemwe. Mukuti ndisaine kuti khalidwe lanu ndi labwino?”

Anatsegula kabati, natulutsa bokosi limodzi la machesi olandidwa kwa ana, nandipatsa kamtengo. Ndinakolopola choko m'kabowo muja iwo akuyang'anira. Kenaka m'gemumo ndinawasamutsira kutsogolo n'kuwapatsa naini. Pagolo panatsala popanda munthu.

“Dziikenipo,” anatero.

Lachisanu masana anasonkhanitsa giredi eyiti ija, nalamula kuti masewero aonetsedwe kufikira iwo atagoletsa. Woyendetsa mabatani ndinali ine, ndipo gemu yoyenda m'mimba mwa kompyuta ina simvera msanga: ukadina kuti munthu amenye, iye amayamba waganiza. A Hedi anaphonya kasanu ndi kamodzi, a Mwale akupukusa mutu nthawi iliyonse n'kuyang'ana kalata ili m'manja mwawo. Atagoletsa, anasainira pa desiki ya mwana, ana akuwomba m'manja. Pofika pamenepo ine pagolo ndinali nditalowetsa zisanu ndi ziwiri, ndipo dzina la Sefa lija linasamukira kwa ine.

Phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti munthu aziyenda ndi machesi m'thumba. Kompyuta yam'mimba ndinamanganso ina.

Ngati owerenga apeza cholakwika m'kalembedwe kapena m'ndondomeko ya nkhaniyi, ndikupempha modzichepetsa kuti anditumizire kuti ndikonze. Chiwerengero cha zigoli chokha musavutike nacho. Mboni zake n'zambiri.