Mkamwini, Apongozi ndi Mpira wa a Kochi

Lolemba

Geti nambala 2, kuyambira 6 koloko. Dzuwa la kuno ku Doha silidikira kuti munthu amwe kaye tiyi.

Pa nthawi yopuma ndikulowa muofesi ya a Kochi. A Kochi ndi mzungu wachikulire wa ku Amereka amene amaphunzitsa ana a pasukulu pano mpira wakwawo, uja wooneka ngati papaya, woponya ndi manja. Akupuma pa ntchito, Lamulungu likubwerali akukwera ndege. Muofesi makatoni okhaokha.

Ndawauza zimene ndasunga mumtima zaka zitatu. Sukulu ikufuna munthu wothandiza kochi watsopano: woyala makoni, wosunga mipira, woimba wezulo. Ntchito imeneyo ndikuifuna ine. Kwathu ku Ntcheu ndinaphunzitsapo timu ya pulayimale, ndipo mpira wawowu ndauonera pa geti masana alionse mpaka ndikuulota.

Sanazungulire. Akuti Loweruka m'mawa ndibwere ndi anthu asanu, tiwaonetse kaseweredwe kamodzi kokha, kamene iwo amati pulei. Mpira ukafika m'manja oyenera, andilembera kalata kwa ahedi. Ajambula papepala:

1. Wapakati amawerama n'kuponyera mpira kumbuyo kudzera pakati pa miyendo yake.
2. Woponya amaima kumbuyo kwake n'kuulandira.
3. Atatu amathamanga. Mmodzi amakhota pa koni yofiira.
4. Mpira umamupeza pomwepo.

Zinthu zinayi basi!

Wothandiza kochi ali ndi mpando. Ali ndi ofesi yozizira. Mawondo angawa amva nkhaniyi ndipo akondwera kuposa ine.

Ndawaimbira amake Tadala. Ndawauza kuti asauze munthu.

Lachiwiri

A Kochi andibwereka mpira ndi makoni anayi. Tikaweruka tikukumana pa bwalo lamchenga kuseri kwa timashopu ta ku Al Doha Al Jadeeda. Abwera Gifiti ndi Sitivi, alonda anzanga, ndi Amidu wotsuka magalimoto. Wabweranso Yusufu, wonyamula zikwama ku hotela ina ku Onaiza. Chimunthu chimenecho, msana ngati chitseko. Wapakati wapezeka kale, palibe zokambirana.

Mayeso oponya:

Gifiti: mpira ukuuluka ngati nkhuku yoponyedwa pa mpanda.
Sitivi: wauponya pansi, wamudumphira pamphuno.
Amidu: akufunsa ngati akuloledwa kuumenya ndi phazi.
Yusufu: mphamvu zilipo, koma tinakautola ku shopu ya matayala.
Ine: tisakambe.

Kenako Che Jafali. Iwo anangobwera kudzaonerera. Che Jafali ndi dalaivala wa banja lina ku Nuaija, bambo wa imvi wa ku Namwera, ndipo ambirife ndi amene anatilandira titangofika mu Doha muno. Atola mpirawo, autembenuza kawiri, aloza mtengo wamagetsi uli patali. Mpira ukupita mowongoka, ukuzungulira bwinobwino, thi! pa mtengo. Abwereza. Thi!

Akuti palibe chodabwitsa, anakula akugenda anyani m'munda wa chimanga.

Ndawapempha ndi manja awiri. Ati mafi mushkila, palibe vuto, ngati zili zothandiza ine kuchoka padzuwa.

Timu yakwana. Chinanso chabwino: Yusufu anakwatira mwana wa Che Jafali, Mariamu. Mkamwini ndi apongozi ake, anthu odziwana. Amvana msanga.

Lachitatu

Masana ndikuthandiza a Kochi kumata makatoni. Akundionetsa zithunzi, chimodzichimodzi, ndipo sakufulumira.

Anayambira pa sekondale ya m'tauni ina yaing'ono yozunguliridwa ndi minda ya chimanga, kumene anyamata ankasewera chisanu chikuwaluma zala. Kenako koleji yaing'ono, kumene basi ya timu ankayendetsa okha ndipo majezi ankachapa okha. Chikho anatengapo kamodzi. Ntchito anachotsedwapo kawiri. Anabwerera ku sekondale ina, n'kupitanso ina, mpaka kudzathera kuno. Pa TV sanaonekepo. Akuti sadandaula, ana amene anawaphunzitsa ena ndi azigogo tsopano ndipo amawalemberabe.

Ndawafunsa chinsinsi cha ukochi. Akuti udziwe anthu ako. Ndati anga ndikuwadziwa ndithu.

Madzulo, pa bwalo. Ndikufotokoza pepala lija. Ndikumuika Yusufu pa mpira, Che Jafali kumbuyo kwake. Ndikuti Yusufu, werama.

Yusufu sakuwerama.

Ndikubwereza. Akuyang'ana mpira, akuyang'ana ine, akundikokera pambali.

"Achimwene, mukuti ine ndiwaloze apongozi anga matako? Ine?"

Ndikumuuza kuti ndi masewera chabe, dziko lonse la Amereka limachita zimenezi. Akuti a ku Amereka sanakwatire ku Namwera. Akuti chikwatire sanadyepo mbale imodzi ndi bambowa, akakumana panjira amapatuka, lero awaweramire chofulatira n'kuwapatsa chinthu chodutsa m'miyendo? Nkhaniyo ikafika kumudzi iye asanafike.

Che Jafali nthawi yonseyi akuwerenga tasibiya yawo, mikanda yopempherera ija, maso kumwamba, ngati nkhaniyi ikuchitikira ku Dubai.

Tamwa karaki, tiyi wamkaka wa kuno. Tabalalika. Mpira sunadutse paliponse.

Lachinayi

M'mawa ndikufunsa a Kochi, mochenjera, ngati wapakati angapereke mpira cham'mbali. Ati ayi. Pakati pa miyendo, mpira wawo umayambira pamenepo.

Madzulo ndikuyesa njira zonse.

Kusinthanitsa, kuti Che Jafali awerame, Yusufu aime kumbuyo: sanandilole n'komwe kumaliza chiganizo. Amidu wagwira pakamwa.

Gifiti akhale wapakati: akuti ntchito anamupezera ndi Che Jafali, ndi bambo ake kuno.

Sitivi: akuti atadwala chaka chatha anamutengera kuchipatala ndi Che Jafali.

Amidu: Che Jafali ndi amalume ake enieni. Ndikanadziwa bwanji ine?

Ndatopa nazo, ndikuti ndionetse chitsanzo ndekha. Ndikuyamba kuwerama. Kumbuyo kwanga kukumveka kachifuwa.

"Nanunso, bambo a Tadala?"

Ndaweramuka msangamsanga, msana wati kwe. Manyazi andigwira kwambiri, ndinene zoona. Bambo amenewa anandigoneka pa matiresi awo masiku anga oyamba. Komanso kochi malo ake ndi pambali, a Kochi sakufuna kuona ine ndikusewera.

Ndiye zili chonchi: mu Doha monse woponya ndi mmodzi, ndipo mu Doha monse palibe Mmalawi amene angamuweramire.

Pa foni uthenga wa amake Tadala. Amayi a mvano akupereka mafuno abwino kwa Kochi Wamkulu wa ku Qatar. Amake Tadala akuti anangouza achemwali awo okha.

Lachisanu

Holide. Anzathu atatuluka mu mzikiti tonse tikusonkhana kuchipinda kwa Amidu. Mpunga wa biriyani, karaki, nkhani ya Yusufu. Yakambidwa ngati mlandu wa malire a munda. Yusufu wakhala pakhomo, chammbali, sakuyang'ana kumene kuli apongozi. Mawu ake akudzera kwa Amidu, a Che Jafali akudzera kwa Sitivi, chonsecho chipindacho n'chaching'ono moti aliyense akumva mnzake akameza.

Ine ndanena zanga poyera. Ndati abale, zaka zitatu ndili chiimire, mawondo atha, mwayi ngati uwu subwera kawiri.

Che Jafali ati mwana wa mnzako ngwako yemwe, tipeze njira. Pangano:

1. Yusufu awerama, koma apongozi aima patali, mapazi asanu.
2. Apongozi ayang'ana kumbali, kumene kuli mtengo wamagetsi.
3. Asanaponye Yusufu anena kuti "pepani bambo". Chimenecho ndiye chizindikiro.
4. Mafoni onse m'thumba.
5. Mariamu asamve.

Dzuwa litapepa tikupita kukayesa. Koyamba mpira wawamenya Che Jafali pamimba, Yusufu wapepesa mphindi khumi. Kachiwiri wadutsa pamwamba. Kachitatu, pepani bambo, mpira m'manja, Gifiti akuthamanga, akukhota pa koni yofiira, mpira uwo, wagwira!

Wagwira! Ndalumpha ngati mwana, mawondo sanadandaule.

Ndasita malaya oyera. Inshallah.

Loweruka

Bwalo la sukulu, 7 koloko m'mawa, udzu wobiriwira ngati wojambula. Anyamata akuopa kuuponda. A Kochi afika ndi chipewa chawo ndi wezulo m'khosi, apatsa aliyense moni wa padzanja. Iwo ndi Che Jafali agwirana chanza nthawi yaitali, madala awiri.

Ndayala makoni. Aliyense pamalo pake. Yusufu pa mpira. Che Jafali mapazi asanu kumbuyo, nkhope kumbali monga mwa pangano.

A Kochi akweza dzanja. Akuti taimani kaye.

Akubwera pang'onopang'ono, akumwetulira, munthu wofuna kuthandiza. Agwira Che Jafali paphewa, akuwasendeza kutsogolo. Phazi limodzi, awiri, atatu, anayi. Awatembenuza mutu kuti uyang'ane kutsogolo. Akuti woponya maso ake amakhala pa mpira. Kenako atenga manja a Che Jafali, awatambasula, awalozetsa pamene payenera kutulukira mpirawo.

Ine Chizungu chonse chathawa. Ndiyambira pati kufotokoza za Namwera?

A Kochi abwerera pambali, andipatsa wezulo. Ati yalla, tiye kochi.

Ndaimba.

Yusufu wawerama, ndimuyamikire pamenepo, anawerama ndithu. Wagwira mpira. Wayang'ana pakati pa miyendo yake, ndipo kumeneko wakumana ndi nkhope ya apongozi ake, ndevu zonse, pafupi ngati pagalasi.

Waweramuka. Watembenuka. Wagwada mawondo onse awiri pa udzu, wapereka mpira ndi manja awiri, mutu pansi.

Che Jafali alandira ndi manja awiri. Ati zikomo, mwanangu.

Gifiti, Sitivi ndi Amidu ataona mnzawo wagwada pamaso pa wamkulu, nawonso anjuta pomwe analipo. Amidu mpaka akuomba m'manja pang'onopang'ono. Palibe wathamanga.

Che Jafali ayang'ana uku ndi uku, aona kuti ntchito yawo yatsala, aponya. Mpira wokongola chotere sindinauonepo. Wakwera, wazungulira, watsika, thi! pamutu penipeni pa koni yofiira. Koni yagwa. Pamalopo palibe munthu.

A Kochi akhala pansi pa udzu. Aseka mpaka avula magalasi. Akuti zaka zawo zonse, masukulu onse aja, aonapo mpira ukutayika m'njira iliyonse, koma ukuperekedwa mogwada ayi.

Ndawafotokozera zonse, mochedwa. Amvetsera bwino, apepesa kwa Che Jafali, apepesanso kwa Yusufu. Ndapempha kuti tibwereze. Yusufu anali atafika kale pa geti, nsapato m'manja.

Za kalata anena mosabisa. Akuti sanalembepo chinthu chimene sanachione, ndipo sayamba sabata yomaliza. Ndikuwabwezera wezulo. Akana.

"Sunga. Ndinayamba naye pa sekondale yoyamba ija. Kochi aliyense timu yake yoyamba imamuchititsa manyazi."

Zandiwawa. Ndathokoza ndi manja awiri, n'kuzindikira kuti nanenso ndapinda bondo.

Lamulungu

Kwathu anthu ali kutchalitchi. Kuno sabata yayamba. Geti nambala 2, 6 koloko.

A Kochi anyamuka m'mawa. Ofesi yawo yatsekedwa, pa chitseko patsala zomatira zokha.

Nkhani zafika:

Mariamu wamva. Amidu sanaike foni m'thumba.
Ku Namwera akuti mkamwini ngati Yusufu sanaonekepo. Apongozi aakazi amutumizira uthenga woyamba chikwatire.
Che Jafali akufunsa ngati mpira uja ungatsale, akuti phewa lawo lamasuka.
Amake Tadala akufunsa tsiku loyamba ntchito yatsopano, amayi a mvano akufuna kudzapemphera kunyumba. Ndayankha kuti netiweki ikuvuta.

Cha m'ma 7 magalimoto a makolo apanikizana pa geti monga mwa masiku onse, ma Land Cruiser mphuno ndi mphuno, mahutala, aliyense akufuna kutsitsa mwana wake pakhomo penipeni. Kukuwa kwanga samva, sanamvepo. Ndapisa m'thumba. Ndaimba wezulo wa a Kochi kamodzi.

Onse zii. Ndaloza kumanzere, apita kumanzere. Ndaloza koni yofiira, galimoto yoyera yakhota pomwepo, bwinobwino, mosaphonya.

Supavaiza waona zonse. Wabwera akumwetulira, wandigwira paphewa. Akuti sanadziwe kuti ndili ndi luso lotere. Akuti anali ndi maganizo ondisamutsira ku risepushoni mwezi wamawa, kuli mpando, koma khalasi, zatha zimenezo, munthu ngati ine sangamuchotse pa geti.

Mawondo ndawauza. Sanayankhe.