Chitseko cha Injiniya Chibwere

Kwa Olemekezeka Wapampando wa Komiti ya Banja Lathu,
Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Mwini Yekha wa Gulu Lathu la pa Foni,

Alamu,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale mawondo anga anatha kale ndi kupalasa makina osokera. Ndine mlamu wanu uja, mkazi wa mng'ono wanu, mayi ake a Injiniya, telala wamba amene sukulu anailekera panjira. Ndikanalemba pa gulu lathu la pa foni, koma popeza munalitseka kuti muzilembapo nokha, ife tizingoyikapo tizala tovomereza, ndaitumiza kwa wachibale aliyense payekhapayekha. Ina ndaimata pa felemu ya chipinda cha mwana wanga, pamene panali chitseko.

Cholinga changa n'kuthokoza basi. Patha miyezi isanu ndi iwiri chibwerereni Injiniya pakhomo pano ntchito itamuthera. Dzinali munamupatsa nokha ali wamng'ono, atakukonzerani wailesi imene munkaimenya mbama kuti ilankhule. Lero ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, chakudya amangochitola, m'chipinda satuluka, foni ikalira amangoiyang'ana. Adokotala anati ndi matenda ovutika maganizo, n'kumupatsa mankhwala ndi tsiku lokaonana ndi mlangizi. Koma adokotala ndani pamaso pa munthu amene anayendetsa sukulu zaka makumi atatu? Inu munangosuzumira kamodzi n'kupeza kuti ndi ulesi. Mulungu akusungireni maso amenewo.

1. Zikomo chifukwa cha ndandanda ya zochita imene munamata pakhoma lake. Kudzuka 5 koloko, kuthamanga, kusamba madzi ozizira, ndiponso kusangalala kuyambira 4 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Ine mbuli sindinkadziwa kuti kusangalala kuli ndi piriyodi yake ngati masamu. Ndandandayo yagwira ntchito kwambiri. Mng'ono wanu, poopa inu, ndiye amaitsatira, ndipo ndabweza kale m'chiuno mathalauza ake awiri.

2. Zikomo potitumizira azakhali ake a Injiniya kuti adzamulimbitse mtima. Anakhala pa bedi lake maola atatu akumutchulira anthu onse amene akuvutika kuposa iyeyo, amoyo ndi akufa omwe. Amene anatuluka akulira ndi azakhaliwo. Tinawapatsa tiyi, tinawaperekeza.

3. Zikomo potikumbutsa kuti m'banja mwanu mulibe mbiri ya matenda otere, ndiye kuti achokera kwathu. Ndavomera ndi manja awiri. Apongozi anga aamuna, bambo anu, amene anakhala pakhonde zaka ziwiri osalankhula ndi munthu atawachotsa ntchito, ankangopumula. Ndine ndinkawapititsira madzi osamba, choncho ndikudziwa kuti anapumula kwambiri.

4. Tsopano chitseko. Apa ndiye nzeru zanu zinandisiya kukamwa yasa. Munabwera Lachiwiri lapitalo mutavala taye, sikuludiraiva ili m'thumba la jekete, munamasula mahinjesi, mng'ono wanu akukugwirirani, n'kumangirira chitsekocho pamwamba pa galimoto yanu. Munati munthu wopanda chitseko sangadzitsekere. Zoonadi, alamu! Tsopano amadzitsekera kubafa, chifukwa ndiko kwatsala loko, ndipo nyumba yonse imaima pamzere m'mawa, aliyense thaulo lili paphewa. Mng'ono wanu wachedwa kuntchito katatu. Ndinayesa kupachikapo katani, koma mng'ono wanuyo anaichotsa, akuti sinadutse m'komiti. Kuchokera tsiku limenelo, ine ndi mwamuna wanga timalankhulana kudzera mwa mphaka: iye amauza mphaka kuti malaya ake alibe batani, ine ndimauza mphaka kuti singano ili m'kabati.

Pepani, pali kanthu kena kakang'ono kamene sikanalowe m'malipoti anu, poti simunafunse. Chitseko chimenecho ndinkachigogoda kawiri tsiku lililonse nditanyamula mbale. Miyezi inayi yoyamba sankayankha, ndinkangosiya mbale pansi. Mwezi wachisanu anayamba kundiuza kuti ndilowe. Liwu limodzi lokha patsiku, koma ine ndinkalitenga ngati wandiimbira nyimbo yonse. Masabata atatu apitawa anayamba kuchisiya chotsegula pang'ono, mpata wongokwana dzanja, kuti azimva makina anga akulira. Tsiku lina lamba wa makina atadumpha, ndinangoona watulukira, waubwezera, wabwerera m'chipinda mwake. Ndinalira ndili pa makinapo mpaka ndinasokera mkono wa diresi la mwini wake chadodolido.

Mpata umenewo anautsegula yekha, alamu. Inu munautsegula wonse tsiku limodzi, ndipo tsopano akakhala kuti sali kubafa amagona atayang'ana kukhoma, bulangeti atafunda mpaka kumutu. Liwu limodzi lija latha, chifukwa palibenso pogogoda.

5. Ndalandira mwaulemu uthenga wanu woti Loweruka komiti ikumana kuno 10 koloko m'mawa, kuti ivomereze zomusamutsira kunyumba kwanu mukamuwongole. Ndaona kuti mwaika kale mfundoyi pansi pa mutu wa zimene zagwirizanidwa, msonkhano usanachitike, ndipo ndayamikira kusataya nthawi kumeneko. Chovuta n'chakuti Loweruka lomwelo, ola lomwelo, ndi tsiku lake lokaonana ndi mlangizi. Anavomera yekha kupita. Anasita yekha malaya, ali pa hang'ala kuyambira chitseko chisanachoke, ndipo kuchokera Lachiwiri sanawayang'anenso.

Pano ndisiye kaye ulemu pang'ono, ndiubwerera. Ndili ndi mantha. Ndikuopa kutaya mwana wanga ali m'nyumba mwanga momwe, anthu khumi ndi awiri akumuvotera pabalaza. Si wophunzira wanu wochedwa kubwera pa asembule. Akudwala, ndipo wakhala akuyesetsa kuchira pang'onopang'ono, monga mmene iye angathere.

Choncho, Olemekezeka, ndikupempha modzichepetsa kwambiri zinthu zochepa. Loweruka bwerani 8 koloko, komiti muisiye kunyumba. Mubweretse chitseko, ndi masikulu ake onse asanu ndi limodzi, poti ndinaona mukuwaika m'thumba la kumanzere. Musavutike kuchiika nokha, mungadetse taye. Sikuludiraivayo mukaisiye pansi pafupi ndi felemu, mutuluke. Mnyamatayo munamutcha nokha Injiniya, akachifuna achiika.

Akachiika n'kutseka, ndikupemphani chinthu chimene ndikudziwa kuti simunachitepo pa zaka makumi atatu za uphunzitsi waukulu. Muime kunja kwake, mugogode kawiri, mudikire. Mwina sayankha. Musadandaule, ndikubwerekani mpando wanga wa pa makina. Ine ndinadikira miyezi inayi, ndipo ndilibe satifiketi ngakhale imodzi.

Ndine wanu wopanda voti m'komiti,

Mlamu wanu,
Telala, mayi ake a Injiniya