Mabuku awiri a a Américo

A Américo a ku Mualadzi ankadziwika ndi chinthu chimodzi: ankalamula komputadolo imene analibe.

Makinawo anawaphunzira ku Alemanya, dziko la azungu, kumene ankagwira ntchito m'fabrika ya nsalu. Anabwerako mu 1990, nkhondo ili mkati, ndi mabuku awiri okha. Onse anali a malamulo ouza komputadolo kujambula zinthu zoyenda pagalasi. Lalikulu linkatha zonse, koma linali lovuta. Laling'ono linkangodziwa chozungulira, cha ngodya zinayi ndi mzere. Bamboyo analephera kusankha.

"Sankhani limodzi, linalo ndikolezere moto," ankatero akazi awo, a Adelina.

"Mayi, lalikululi ndi lanzeru. Laling'onoli ndi laulemu."

"Nanga magetsi ali m'buku liti?"

Poti makina kunalibe, makinawo tinali ife. Ankalemba malamulo papepala la thumba la simenti n'kutiimika pabwalo, lero buku ili, mawa linalo. A Francisco, mnansi wathu, anawasenzetsa chitseko kuti akhale cha ngodya zinayi. Ine Severino, poti sindiyankhulayankhula, anandipatsa lichero kuti ndikhale chozungulira.

"Chozungulira, mapazi khumi kumanja! Ima! Bwerera!"

Likakhala tsiku la buku lalikulu, malamulo ankatalika mpaka a Francisco ankawodzera chitseko chili pamutu. Tsiku lina a Américo anaiwala kulemba "ima". Ndinayenda ndi lichero langa mpaka m'munda wa chimanga wa eni ake. A Américo atandipeza anavula chipewa.

"A Severino, inu ndinu makina enieni. Wolakwa ndine."

Ankati nkhondo ikatha tidzapita ku Tete, akaone chozungulira chawo chikuyenda pagalasi, ngakhale kamodzi kokha.

M'mawa umene mfuti zinalira kumtsinje, tinathawa molowera ku Cassacatiza, kumalire a dziko. A Adelina anati thumba ladzaza, mulowe buku limodzi basi. A Américo anaika lalikulu. Titayenda pang'ono anatembenuka.

"Ndalakwitsa. Ndi laling'ono lija. Imani pompano, a Severino, ndikubwera."

Ndinaima. Dzuwa linafika pamutu ndili pomwepo, mpaka a Adelina anachita kundikoka dzanja. A Américo sitinawaonenso.

Buku lalikululo lili kwanga, ndipo palibe amalitsegula. Masiku ano ana a ku Mualadzi ali ndi zithunzi zoyenda m'matelefoni, sadziwa kuti ife tinayamba ndi lichero. Pabwalo paja panamera udzu. Ndikamadutsapo ndimawerenga mapazi khumi, n'kuima. Wondiuza kuti ndibwerere palibe.